Mchere wa m'Chiponde cha a Modesta

Nkhani ya a Modesta ndimaidziwa kuposa aliyense pa Golomoti, chifukwa nyumba yathu ndi yawo zinangolekana ndi mpanda wa udzu, ndipo mpandawo uli ndi kabowo.

A Modesta ndi anzawo a Ethel anayamba bizinesi ya chiponde cha m'mabotolo. Osati chosinja mumtondo chija ayi. Anagula kamakina kopukusa ndi dzanja, pabotolo n'kumata pepala lojambula mtedza, nambala ya foni pansi pake. Minibasi ikaima anthu ankachita kulanda pawindo. Magolosale a ku Mua ndi ku Mtakataka nawonso anayamba kuoda.

Ndiye tsiku lina ndikusuzumira pakabowo ndinaona a Modesta akuthira okha mchere m'beseni la chiponde. Chonsecho m'mawa womwewo ndinali nditaona tinsalu tawo ta kumwezi atayanika kuseri kwa bafa. Kwathu kuno mzimayi akakhala kumwezi sathira mchere m'chakudya. Amapempha wina amuthirire, apo ayi odyawo amagwidwa tsempho, kutupa ndi kutsokomola.

Ine sindinkafuna zoipa. Ndinangouza mnzanga Elizabeti pamjigo, ndipo ndinamuuza kuti asauze munthu.

Patatha masabata awiri, khanda la a Maliya a m'mudzi mwathu momwemo, Ezekiele, linatupa miyendo ndi nkhope. Kuchipatala anati ndi kuperewera zakudya m'thupi, poti chaka chimenecho kunali njala. Koma a Maliya anali atamva kale za pamjigo. Anawapeza a Modesta pamsika, anthu ali piringupiringu.

"Inu a Modesta, mwana wanga mwamudula ndinu."

"Ndamudula bwanji, amake Ezekiele? Botolo lija ndinakupatsani ulere kuti muzimuikira m'phala."

"Ulerewo muusunge. Ndikufunsa kuti mchere amathira ndani?"

Mayi wina wa tomato anati, "Asiyeni, za makina anaphunzira. Tsiku la za mchere anajomba."

Anthu anaseka. A Modesta anangotola mabotolo awo n'kuika m'dengu.

Sabata yomweyo magolosale anabweza katundu. A Modesta anayesa kupanga chopanda mchere, n'kulemba papepala ndi bolopeni kuti mulibe mchere. Anthu anati mwaona, avomera okha. A Ethel anasiya kubwera, akuti amuna awo anawaletsa. Mabotolo anakhala pakhonde mpaka mafuta anayandama pamwamba, fungo likufika kwathu.

Kenako mwana uja anamwalira. Pamaliro a Modesta atayandikira kumene azimayi ankaphika, wina anawalanda mthiko. Anakakhala okha pansi pa mtengo wa malambe.

Mwezi usanathe anamanga katundu, akuti akubwerera kwawo ku Balaka. Amayi anga anandituma kuti ndiwasenzere kamakina kaja mpaka pasiteji. Kanali kolemera. Tili chiimire kudikira minibasi anandiyang'ana.

"Iwe umamva zambiri. Anayambitsa ndani nkhani imeneyi?"

"Kaya, anti. Anthu amangolankhula."

"Eya, amangolankhula."

Kondakitala anakankhira kamakinako pansi pa mpando, chogwirira chake n'kupindika. A Modesta anaona. Anakwera.

Pano pagolosale akugulitsa chiponde chochokera ku Lilongwe, chodula kwambiri. A Ethel anabwerera kogulitsa zitumbuwa.