Mtsuko wa Azakhali Helena

Filimu yoyamba ya Augustino anthu anaiseka mpaka misozi. Mkuluyu anavala jekete dzuwa la ku Chikwawa lili paliwombo, n'kumafukula "chuma cha makolo" kuseri kwa khola, mnzake Shadreck akujambula pafoni. Khasu kawiri kokha, mphika uwo! Pa Fesibuku wina analemba kuti, "Dothi lofewa chonchi, makolowo anakwirira dzulo?"

Augustino anavomera. Anthu a kwa Maseya anakula ndi khasu, pa nkhani ya dothi sungawanamize.

Ndiye anaganiza zaukatswiri. Azakhali ake a Helena, omwe amamusunga, atapita kumaliro ku Nsanje, iye ananyamula mtsuko wawo wa madzi akumwa, woumba malemu mayi awo, uja amati ukaugwira uyambe wasamba m'manja. Anakaukwirira kudimba kwa azakhaliwo kufupi ndi Shire, kuti dothi ligwirane kaye. Chizindikiro anazika phesi la chimanga. M'dimba la chimanga. Mutu umenewu ndi umene unkafuna kutchuka.

Tsiku lachinayi foni inalira, anali azakhali. "Ndili pa Bangula, minibasi yadzaza. Undithirire madzi mumtsuko, ndifika ndili gwa kukhosi."

Augustino anathamanga ndi Shadreck. Kudimba anapeza ng'ombe zadutsamo, mapesi ali mbwee paliponse.

"Aise, paja tinakwirira pati?"

"Tinakwirira? Ine ndinali pamthunzi, bwana dailekita."

Jekete inaponyedwa uko. Dzenje loyamba, palibe. Lachitatu, palibe. Lachisanu khasu linagunda chinthu, gwe! Unali mwala. Kuchokera apo khasu analitaya, n'kumakumba ndi zala ngati galu, thukuta likulowa m'maso, Shadreck akujambula.

"Zimitsa foniyo iwe!"

"Kumba, nkhope imeneyo sindinaionepo."

Dzenje lachisanu ndi chinayi, chala chinakhudza mlomo wa mtsuko. Augustino anagwada, n'kumauzira dothi pang'onopang'ono, akupukuta ndi malaya ake, akupemphera Chichewa ndi Chisena chomwe. Unatuluka wamphumphu. Anaukumbatira, n'kulira ndithu.

Filimuyo Shadreck anaiponya pa Fesibuku asanafike n'kunyumba komwe. Ulendo uno palibe anaseka. "Abale, mantha amenewo si oyeserera." "Taonani mmene akuunyamulira, ngati khanda." Wina mpaka anafunsa ngati a boma adziwitsidwa.

Azakhali anafika mtsuko uli pamalo pake ndi madzi, anatunga chikho chimodzi, anamwa theka, n'kuyang'ana madziwo nthawi yaitali.

"Akununkha Shire."

Kenako anatulutsa foni pa nsonga ya chitenje. Filimu ija anaionera mu minibasi, wokhala naye pampando akuwauza kuti ku Chikwawa kwapezeka zakale.

"Chuma cha makolo eti? Apo sunaname, ngwa amayi anga. Koma maenje aja ndawerenga, alipo naini. Mawa ukadzalemo maungu, wakumba bwino."

Augustino anangothokoza m'Chisena, "Takhuta, azakhali."

"Uvalenso jekete ija," anatero Shadreck, foni ili kale m'mwamba.