Kadiresi Kachikasu

1.
Amayi akubwera Loweruka, atero a Lameki, amuna anga, ataima pakhomo la chipinda cha makina, osalowa. Adzagona muno.

Muno pati?

Ungochotsako zinazi, pakwane matiresi.

Zinazi. Zonse za muno iwo amangoti zinazi, ngati si zinazi zomwe zinawasokera malaya ali pathupiwo. Ndayankha kuti chabwino. Masiku ano chilichonse ndimayankha kuti chabwino.

2.
Milu itatu pasimenti.

Zosunga. Zopatsa anthu. Zootcha.

3.
Ndisaname, sindikukonza chipinda ayi. Ndikufunafuna kadiresi kachikasu.

Ndinakasoka ndili ndi pakati, mobisa, pamodzi ndi tizovala tina ta mwanayo. Tinato ndatipeza momwe ndinatibisa, m'pilokesi, pansi pa thumba la zidutswa. Kachikasu mulibe. Kali muno penapake, ndipo Loweruka muno mugona apongozi anga aNangondo, anthu oti sadutsa katoni osaisuzumira. Akakapeza iwo ndisanakapeze ine, adziwa kuti ndinasoka.

4.
Tsiku lija anabwera kuchokera ku Madisi kudzandiona mimba itayamba kuoneka anakhala pampando womwewu akutola mapini pansi mmodzimmodzi n'kumawabaya pakansalu ndipo anati Nachisale ndikudziwa manja ako sakhala chete koma undimvere mwana wosabadwa sasokeredwa chovala ngakhale kachipewa ngakhale kasokosi fodya wako ndi uyo ali pamphuno wapachala ngwamphepo ukasoka ukumuitanira tsoka ndipo ine ndinati ndamva Amayi ndikuwerama mwaulemu koma m'mutu ndinali nditadula kale nsalu chifukwa ndasokera ana a Mponela yense mayunifolomu ndi madiresi a ubatizo ndiye wanga yekha abwere n'kufikira m'chitenje chakale ngati mwana wa munthu wopanda makina

5.
Ndinasoka.

Masana, a Lameki ali ku galaja, chitseko nditatseka.

6.
Zotuluka m'katoni yoyamba:
zipi zakufa,
lasitiki wotha mphamvu,
theka la kolala,
choko chophwanyika,
mabatani osiyanasiyana m'chitini cha mafuta odzola,
sizasi yomwe ndinakalipira nayo mwana wa aneba kuti waba,
siketi ya munthu amene anasamukira ku Kasungu osadzaitenga,
manyi a makoswe.

Mulibe.

7.
Unadzuka uli pabedi la kuchipatala, m'kamwa mouma. Unafunsa madzi. Sunafunse mwana, chifukwa bedi lililonse m'chipindamo linali ndi kanthu kokutidwa pambali, lako lokha ayi, ndipo iwe si wopusa. Namwino anati pepani mayi, tinayesetsa. Unati chabwino. Kenaka unafunsanso madzi.

Za tsiku lomwe mimba inayamba kupweteka sukumbuka kanthu. Unali kuti, unagwira chiyani, unasiya chiyani pati. Pamenepo m'mutu mwako pali poyera ngati pepala.

8.
Azimayi akuluakulu anazungulira bedi, aliyense ndi lake.

Mtayo salira, mwana wanga.
Ukalira utseka njira ya mnzake.
Taika kale, ife azimayi tokha, mmene zimakhalira.
Usafunse malo.
Manga mabere ndi chitenje, mkaka uuma wokha.

Apongozi anali kumapazi. Iwo anangondiyang'ana, ndipo maso awowo ndiwo ndimawaopa mpaka lero.

9.
Sindinalire. Anthu akundiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Si kulimba. Ndikafufuza m'kati mwangamu kuti ndipeze polira, ndimapeza mulibe kanthu, ndiye ndimangopita kukatsuka mbale.

10.
Lachinayi m'mawa abwera Mayi Kachingwe, kasitomala wanga, kudzatenga bulawuzi yawo ya kutchalitchi yomwe inakhala muno chiyambire ndisanapite kuchipatala.

Pepani ndi zija tinamva, atero.

Zikomo.

Mukadali mwana inu, Mulungu apereka wina. Eee, koma mwayamba kukonza. Izi mukutaya? Ndikufuna zidutswa ine, ndikalukire chopondera pakhomo.

Dzanja lawo lalowa kale m'thumba la zidutswa mpaka m'chigongono. Mayi Kachingwe akaona chinthu m'mawa, masana chimakhala chafika kumsika ndi kuchigayo komwe.

Dikirani, ndatero, n'kuwagwira dzanja. Mmenemo muli masingano. Ndikusankhirani ndekha.

Ayang'ana dzanja langa, ayang'ana nkhope yanga. Apita ndi bulawuzi yawo yosasita.

11.
Thumba la zidutswa ndalikhuthula lonse pansi. Chidutswa chimodzichimodzi, kutambasula, kuyang'ana, kuponya. Ukwati wa mwana wa abusa. Yunifolomu ya kwaya. Makatani a kusitolo ya mankhwala. Chilichonse chachikasu chikatulukira, dzanja limaima lokha.

Zosunga. Zopatsa anthu. Zootcha.

Mulibe.

12.
Ine Lameki ndimamumva mkazi wanga akukoka makatoni kuyambira m'mawa. Anzanga ku galaja akuti ndi bwino, wayamba kugwiragwira, ndiye kuti akuchira. Kaya. Kale ndikalowa m'chipinda chimenechi ankandithamangitsa kuti ndiponda mapini, pano amangondiyang'ana mpaka ndituluke ndekha. Mimba itakula ndinayamba kumuitana amake mwana, moseka. Tsopano ndabwerera kumuitana dzina lake, Felesta, ndipo dzinalo limandilemera pakamwa. Amuna sitipita koika mtayo. Ndinakhala pabenchi panja pa chipatala, azimayi anadutsa, ndinayang'ana nsapato zanga. Ndaitana amayi chifukwa ine sindidziwa chonena.

13.
Tizovala tinato.

Ndatiika pamulu wa zootcha. Ndatichotsa. Ndatiika pa zopatsa anthu, koma kupatsa ndani, n'kunena kuti tinali ta yani? Pa zosunga sitingakhale, zosunga zikhala muno.

Ndatipinda n'kutilowetsa m'sutikesi yanga kuchipinda chogona, pansi pa zovala zamkati. Mpongozi aliyense ali ndi pomwe amalekezera, ngakhale aNangondo.

14.
Posamba ndimayang'ana pomwe ananding'amba. Amene anandisoka ali ndi dzanja labwino, msoko wowongoka, wosakoka mbali imodzi. Kumapeto kokha anathamanga. Ndikanakhala ine ndikanabwereza pamenepo.

15.
Zotuluka m'madirowa a makina:
mabobini opiringizana ulusi,
lamba wakale woduka,
tepi yoyezera yofufutika manambala,
kabotolo ka oyilo,
chiswiti chosungunuka,
singano, singano, singano.

Kuseri kwa kabati: fumbi, ndi chipeso chomwe ndinachiiwala kalekale.

Pamwamba pa kabati: simbi ya makala yopanda chogwirira.

Mulibe. Mulibe.

16.
A Lameki, munatengako kanthu m'chipinda cha makina ine ndili kuchipatala?

Kanthu kanji?

Kansalu.

Kotani?

Kansalu basi. Mwina munapukutira manja a girisi.

Iwe Felesta, ine n'kugwira nsalu zako? Ndikufuna kufa?

Aseka pang'ono, kuyesa ngati nane ndiseka. Ndati chabwino.

17.
Apongozi sadzakalipa, ndikuwadziwa. Akapeza kadiresiko adzakanyamula ndi zala ziwiri n'kukatambasula poyera adzayang'ana lesi wa m'khosi ndi mpendero adzandiyang'ana ine kenaka adzakapinda bwinobwino n'kukaika pamakina osanena kanthu ndipo akabwerera ku Madisi alamu anga adzamva azakhali a a Lameki adzamva ndipo pa ukwati uliwonse pa maliro alionse ndikamadutsa ndi ndowa pamutu azimayi azidzatsitsa mawu kuti ndi uyo anauzidwa koma sanamve ndi uyo anadzipangira yekha ndipo choipa kwambiri n'chakuti ndikadzamva sindidzakhala ndi choyankha chifukwa nanenso ndikakhala ndekha ndimadzifunsa zomwezo

18.
Lachisanu ndaotcha zootcha kudzala. Lasitiki amanunkha akamapsa. Ndaima pomwepo ndi kamtengo, kutembenuza chiguduli chilichonse chisanagwire moto, kuti mwina.

Zopatsa anthu ndatumiza kwa Mayi Kachingwe. Aluke chopondera chawocho.

19.
Chipinda chayera.

Ulusi uli pamisomali, wakuda kwa wakuda, woyera kwa woyera. Mabatani m'mabotolo. Nsalu za eni ake zopindidwa m'kabati, iliyonse ndi kapepala ka dzina. Pansi ndakolopa, ndaika matiresi, ndayala. Chiyambire kulowa m'nyumba ino sindinaonepo kona ya kuzenera ili poyera, kani pali mng'alu.

Munthu wolowa anganene kuti muno mumakhala mayi wadongosolo.

Mulibe.

20.
Loweruka. Apongozi atsika pa kabaza ndi chikwama ndi mtolo wa chinangwa. Ndagwada, ndalandira.

Mwayenda bwanji, Amayi?

Tayenda bwino. Wawonda, Nachisale.

Ndikudya.

Alowa m'chipinda cha makina, aima pakati, azungulira ndi maso. Misomali, mabotolo, kabati.

Wakonza, atero.

Eya.

Wakonza kwambiri. Ntchito yonseyi ndi chilonda chimenecho?

Ndapita kukawaikira madzi osamba. Ali kubafa ndabwerera. Patsala malo amodzi omwe sindinafike, kumbuyo kwa makina kwenikweni, pakati pa chitsulo ndi khoma. Makinawo ndi olemera ndipo kuchipatala anandiletsa kunyamula zolemera. Ndagona chammbali pasimenti, ndalowetsa dzanja mpaka paphewa.

21.
Ukufuna chiyani, Nachisale?

Sindinawamve akulowa. Aima pakhomo, thaulo paphewa, mapazi onyowa.

Singano, Amayi. Inagwa.

Singano.

Atseka chitseko. Akhala pamatiresi pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kuyamba kupukuta mapazi, chala chimodzichimodzi.

Dzuka pamenepo, ung'ambula chilonda. Sikali uko.

Sindinadzuke. Dzanja likadali kuseri kwa makina, tsaya pasimenti pozizira.

Tsiku lija, atero, anamwino atatipatsa mwana, anzanga anati timukulunge m'chitenje changa tizipita. Ine ndinati ayi, changachi ndadutsa nacho m'minibasi, ndikatenge nsalu yoyera kunyumba kwa mwana wanga, nyumba ya telala singasowe nsalu. Ndinatenga kiyi kwa Lameki. Nditalowa muno kanali pamakina pomwepa, poyera, singano ili chilendewere pabatani. Linatsala limodzi. Ndinakhala pampando wakowo n'kulimaliza.

Amayi, munandiuza kuti ndisasoke.

Ndinakuuza.

Ndiye mwina ndi ine ndina...

Khala chete. Ine anga awiri ndinataya ndisanawasokere ngakhale kansanza. Timanena zija kuti zikavuta munthu asatsale ndi tizovala m'manja, basi. Anzanga aja anadandaula kuti mtayo saveka. Ndinati uyu ndi mdzukulu wanga, mayi ake ndi telala, sapita wamaliseche.

Ndatulutsa dzanja. Lili ndi fumbi mpaka m'chigongono. Ndakhala tsonga, msana pakhoma, ndipo pakamwa patuluka funso lomwe ndimafunsa kasitomala aliyense.

Kanamukwana?

Apongozi apinda thaulo, aliika pamwendo.

Kanamukulira pang'ono. Manja tinachita kupinda.