Tinenenji Asapepese

Esnath atatsika basi kuchokera kuchipatala komwe ankagwira ntchito ya unesi, anapeza mayi wachilendo ataima pakhomo pake, m'kamsewu ka nyumba zogundizana ku Bolton, kudziko la azungu. Anali wamtali, wometa mpala, atavala chijasi chobiriwira.

"Ndinu amake Tinenenji? Ine ndine Nasilele, kwathu ndi ku Zambia. Ndili m'bungwe lothandiza ana achikuda akagwidwa ndi apolisi."

Esnath anagwira kiyi m'manja osatsegula. Nkhani ya mwana wakeyo sanauzeko munthu, ngakhale abusa. Loweruka lapitalo atsikana anamenyana pokwerera basi, wina n'kugwa, dzino n'kuthyoka. Pagulu lonselo apolisi anatenga Tinenenji yekha, wa zaka khumi ndi zisanu, yemwenso anali wakuda yekha pamenepo. Anamutulutsa tsiku lomwelo, n'kunena kuti abwerenso ndi mayi ake Lachinayi.

"Wakuuzani ndani?"

"Mwana wanu ndi amene anatiimbira foni."

Analowa. Esnath anaphika tiyi, koma maso sanawachotse pa mlendoyo. Anali atamvapo za anthu olowa m'nyumba ndi mawu otsekemera, akatuluka a boma n'kubwera kudzalanda ana. Ndiye poti uyu akuyang'ana zithunzi zapakhoma, akuwerenga chiyani?

"Ife tagwirizana kale," anatero Esnath. "Akapepesa, amupatsa chenjezo, nkhani yatha. Wapolisi uja anatero."

"Amake Tinenenji, kwathu kupepesa ndi ulemu. Kuno kupepesa ndi kuvomera mlandu. Chenjezolo amalilemba, ndipo tsiku lina akadzafuna ntchito ngati yanuyi angathe kulifukula. Asapepese asanaonane ndi loya." Anamwa tiyi pang'ono. "Mukakhala kuntchito, amatsala ndi ndani?"

"Mukufunsiranji zimenezo?"

"Chifukwa Lachinayi akakufunsani. Kuli bwino muyambe mwandikwiyira ine."

"Nanga inu mupindulapo chiyani?"

Nasilele anangomwetulira, n'kusiya nambala yake patebulo. Kumwetulirako Esnath sikunamusangalatse m'pang'ono pomwe.

Mlendo atapita, anakwera kuchipinda cha mwanayo. Anamupeza atakhala pabedi, atakulunga mutu ndi mpango womwe sanauvule chichokereni kupolisi.

"Iwe, ukuitana alendo m'nyumba mwanga osandiuza? Tandiuza zoona. Mtsikana wothyoka dzino uja unamukankha kapena ayi?"

Tinenenji anayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, maso ali pansi. Eya, anamukankha. Kenako anamasula mpango. Kumbuyo kwa khutu kunali chigamba chofiira, popanda tsitsi, pomwe mtsikana uja anazula zingwe ziwiri za tsitsi lake loluka anzake akuseka.

"Bwanji sunandionetse?"

"Simunafunse, Mami. Mumangoti ndakuchititsani manyazi."

Esnath anatenga mankhwala n'kutsuka balalo mwakachetechete, monga ankachitira ndi odwala ake. Atamaliza analijambula pafoni, n'kutsika kukatenga nambala ija.

Lachinayi anapita anayi, wachinayiyo loya wamng'ono msinkhu amene Nasilele anabwera naye. Tinenenji sanapepese. Esnath anakhala pambali pake, akuganiza kuti ngati amunamiza, mwanayu athera kukhothi ndipo awiriwa adzangotembenuka n'kumapita. Loyayo anaonetsa chithunzi cha bala, n'kupempha kuti aone kamera ya sitolo yoyang'anana ndi pokwerera basipo. Wapolisi anati aona.

Panadutsa masabata angapo kuli zii. Esnath anasiya kupita kukwaya, kuopa mafunso. Tsiku lina masana loya anaimba: kamera yaonetsa amene anayamba, mlandu palibe.

Sabata isanathe, Nasilele nayenso anaimba.

"Tili ndi msonkhano ku Salford. Kubwera makhansala ndi akuluakulu oona za milandu ya ana. Tikufuna lamulo loti mwana asavomere kanthu loya palibe. Tinenenji atayankhulako, angamve."

"Ndinadziwa," anatero Esnath. "Ndiye phindu lanu lija limeneli."

"Ndi lomwelo. Sindikubisirani."

"Mwana wanga sakhala chionetsero. Nkhope yake isaoneke paliponse."

"Chabwino. Bwerani nokha mudzangomvera."

Esnath anakana, koma Loweruka, tsiku la msonkhanowo, anapezeka ali m'sitima. Msonkhano unali mu holo yozizira ya tchalitchi china. Anakhala mpando wakumbuyo pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo, akuyang'ana ngati pali wojambula. Kutsogolo bambo wina wa ku Nigeria ankafotokoza za mwana wake, mawu akumuthawa.

Kenako munthu anakhala pambali pake. Anali Mayi Shirley, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo, amene chaka chatha analengeza kuti mwana wawo Terence amutumiza ku Malawi kukaphunzira mwambo. Anayang'anana.

"Mwabwera kudzaperekeza munthu?" anafunsa Mayi Shirley.

"Eya. Inunso?"

"Inenso."

Onse awiri anapitiriza kumvera bambo uja. Patapita nthawi Mayi Shirley anaweramira kwa Esnath, osamuyang'ana.

"Terence ali ku Yorkshire, kumalo osungirako ana olakwa. Ndimapita Lamlungu lililonse tikaweruka. Ndimapita ndekha."

Esnath anayang'ana uku ndi uku kuona ngati wina wamva. Kenako anawafunsa kuti sitima ya ku Yorkshire imanyamuka nthawi yanji Lamlungu.