Dzanja Lomwe Linataya Mapiritsi

"Bwererani mukawauze abwere okha," anatero namwino, osasiya kupinda zovala za malemu mayi ake.

Mlamu wake anaima pakhomo la chipinda, maso ali psuu. Mwana wake wamkazi anali kutentha thupi ngati mbaula, koma bambo a mwanayo, omwe ndi achimwene a namwinoyo, anali ataletsa zopita kuchipatala.

Achimwene amenewa ndi omwe analowa mpingo wokana mankhwala, n'kubwera kudzataya m'chimbudzi mapiritsi a mayi a kuthamanga kwa magazi, amvekere kumwa mankhwala n'kunyoza Mulungu. Mayi, poopa kudanitsa ana awo, sanauze munthu. Anagwa m'bafa, osadzukanso. Pamaliro mkuluyo analalikira mpaka thovu kukamwa, ati mayi apita ali opambana. Mtima wa namwino unali ukuwira.

"Alamu, chonde, mwana alibe mlandu," anachonderera mayi a mwanayo.

"Nanga mayi anali ndi mlandu wanji? Kasaleni kudya, si ndiwo mankhwala anu?"

Mawuwo anamukoma pakamwa, ngakhale kuti mankhwala anali atawaika kale m'thumba la diresi.

Achimwene anabweradi, mwana ali paphewa, jekete yoyera ya kumpingo ili yonyowa ndi masanzi. Maso anali pansi.

"Achemwali, tithandizeni."

"Mwapemphera?"

"Tapemphera."

"Ndiye yankho lake ndi ine wachikunja uja? Zoona Mulungu sagona."

Namwino anamuyeza mwanayo, natulutsa piritsi. Mlamu wake atatambasula dzanja, iye analikankhira kumbali.

"Ayi. Amumwetse eni ake. Dzanja lomwe linataya mapiritsi a mayi lija, lomwelo."

Achimwene anatenga piritsilo ndi kapu ya madzi mwamanyazi, nagwada pamkeka. Namwino anayang'anitsitsa osaphethira. Ankafuna kuwaona manyaziwo onse, osatsala ngakhale pang'ono, ndipo sanamve chisoni.

Mwana analandira piritsilo koma sanameze. Analifumbata, natsinzina.

"Imwa, mwanangu," anatero bambo ake.

"Dikirani kaye. Agogo ankayamba apemphera." Mwanayo atatero, anayamba kupemphera. "Atate, zikomo chifukwa cha mankhwala, zikomonso chifukwa cha anthu amene anawapanga. Inu ndiye muchiritse. Ameni."

Anameza, nabweza kapu kwa bambo ake ndi manja awiri.