Mtanda wa Nkhungu

"Mapepala amenewo muwasiye pomwepo, alamu," anatero Rakele ataima pakhomo, ndowa ikadali pamutu.

A Bartolomeyo sanacheuke. Anali atagwada pafupi ndi tebulo la malemu mng'ono wawo, akulonga mapepala aakuluakulu m'thumba lomwe kale munali mpunga. Panali patapita masiku anayi chiikireni Octávio m'manda a kuseri kwa tchalitchi cha ku Nkholongue, ndipo m'chipindamo munkamvekabe fungo la utoto.

"Ine ndine mkulu wake," anayankha. "Katundu wa malemu amasunga ndi abale mpaka tsiku logawa."

"Njinga mwaisiya, wailesi mwaisiya. Mwasankha mapepala okha?"

"Njinga siyankhula, mulamu. Izi zikuyankhula."

Rakele anatula ndowa ija pang'onopang'ono.

Mwamuna wakeyo, Octávio, ankadziwika ku Metangula konse ngati wolemba zikwangwani. Mayina a maboti, zithunzi za pamakoma a mabaraka, timagolosale ta kumsika, zambiri zinali dzanja lake. Koma mtima wake unali pa nkhani zojambula, zija za timabokosi totsatizana, anthu akuyenda ndi kuyankhula papepala, zimene iye ankazitchula kuti banda dezenyada. Chaka chathachi anagwirizana ndi anzake asanu ndi atatu a ku Lichinga, Nampula, Pemba ndi Beira kuti atulutse buku limodzi, aliyense ajambule nkhani ya chakudya cha kwawo. Palibe kampani imene inafuna kulisindikiza, choncho anakapempha pa intaneti, ndipo anthu oposa mazana anayi, ambiri osawadziwa n'komwe, anasonkha kuti bukulo lituluke. Ena anasankha matapa, ndiwo ya masamba a chinangwa, ena mpunga wa nazi. Octávio anasankha nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, timene amayi amatikola ndi dengu, n'kutiumba mitanda, n'kuikulunga m'masamba a nthochi. Masamba khumi ndi limodzi anawamaliza. Kenako impso zinamugoneka.

"Mwaziwerenga?" anafunsa Rakele.

"Ndaziwerenga. Amayi anga avala nsanza, akupempha pogona pa Likoma. Ine ndine mbala, akundimenya pamsika anthu akuonerera. Nkhani yathera pomwepo." A Bartolomeyo anaimirira, thumba lili m'manja. "Ine ndimawerenga Mawu m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Ndimaphunzitsa ana katekisimu. Mukufuna anthu a ku Beira adzandidziwe ndi dzina limenelo?"

Panja panamveka njinga yamoto ikuima.

Mlendoyo anali Dércia, mtsikana wamtali wa ku Lichinga amene ankasonkhanitsa nkhani za m'bukulo. Anali atakwera shapa, minibasi ya kumeneko, m'mawa mpaka ku Metangula, kenako njinga yamoto. Sanayambe ndi nkhani ya buku. Anavala chitenje pamwamba pa buluku lake, nakagwada pamphasa pamene panakhala a Magalita, mayi a malemu, pansi pa mtengo wa mango. Anawagwira dzanja nthawi yaitali. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma mawu opepesa anawanena bwino, ndipo a Magalita anagwedeza mutu.

"Ndiwe uja Octávio ankakangana naye pafoni?"

"Ndine ndemwe, amayi."

"Ankati uli ndi liuma. Khala bwino."

Atamwa madzi, Dércia anatembenukira kwa Rakele. "Mana Rakele, mchemwali wanga, sindikadabwera lero zikadakhala zotheka kudikira. Anzathu onse atumiza masamba awo. Osindikiza akuyamba Lachisanu. Zithunzi zimene Octávio ananditumizira pafoni n'zosaoneka bwino, zikufunika zenizenizo. Koma ngati banja likana, tidzasiya masamba ake opanda kanthu, tidzalembapo dzina lake lokha. Tagwirizana choncho tonse."

"Lembani dzina lokhalo," anatero a Bartolomeyo, amene anakhala pampando chapatali, thumba lili pakati pa miyendo yawo. "Limenelo ndiye ulemu."

"Ulemu wa ndani?" anafunsa Rakele. "Munthu ankajambula impso zikumuwawa, atatsamira pilo. Anthu mazana anayi akudikira. Inu mukuti tsamba loyera?"

"Anthuwo si abale anga."

"Koma iye anali m'bale wanu."

"N'chifukwa chake ndikudabwa kuti anandichita zotere."

A Magalita anali atamva zokwanira. Anatambasula dzanja lawo. "Bato, bweretsa kuno."

Palibenso wina amene ankawaitana choncho a Bartolomeyo, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, wa imvi m'ndevu. Anazengereza pang'ono, kenako anabweretsa thumba lija nagwada.

Maso a gogoyo anali atayamba kuchita khungu, choncho tsamba lililonse ankalisendeza pafupi ndi mphuno n'kuliyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Loyamba linali la bwato lodzaza anthu likuchoka pagombe m'chaka cha nkhondo, mayi wina atabereka mwana, wina atamugwira padzanja. Lachitatu linali la mtambo wa nkhungu ukudza pamwamba pa madzi, amayi akuuthamangira ndi madengu onyowetsa.

"Dengu ili analijambula ndendende," anatero a Magalita. "Onani pogwirira. Anandivutitsa mwezi wathunthu. Ankangofunsa kuti, amayi, mumazunguza chonchi kapena chonchi? Mpaka ndinatenga lichero n'kumuonetsa pabwalo pano, anthu akundiseka." Anatsegula lina. "Koma chitenje wandikometsera. Chinali ndi zigamba zitatu, iye waikapo chimodzi."

"Amayi, simukuona manyazi?" anafunsa a Bartolomeyo.

"Manyazi a chiyani? Ndinawoloka ndi ana awiri, ndinabwerera ndi ana awiri. Ena anabwerera okha. Mitanda imeneyi ndi imene inakulerani. Aone a ku Beira."

Dércia anaweramitsa mutu, akumwetulira. Koma atafika pa tsamba lakhumi, gogoyo analiyandikitsanso kumaso. Panali mnyamata wa zaka khumi akutola mtanda umodzi pa lichero la mayi ake pamsika n'kuthawa nawo. Pa tsamba lotsatira anali atagwidwa, manja ali opanda kanthu. Mayi ake anamugwira pakhosi pa malaya, dzanja lina lili m'mwamba ndi kamtengo. Pamwamba pa mutu wa mayiyo panalembedwa kuti, "Wadya?" Pamwamba pa mnyamatayo, "Ndadya."

"Ndinakumenya, inde," anatero a Magalita, mawu atatsika. "Dengu linali lobwereka, ndipo mwini wake, yemwe ankatisunga pakhonde pake, anaima pomwepo akuyang'ana. Ndikadapanda kukumenya, tikadagona pamchenga." Anatembenuza pepalalo kuti aone kuseri. "Nanga zathera apa?"

"Zathera pomwepo," anatero a Bartolomeyo. "Mwaona tsopano?"

"Payenera kukhala masamba khumi ndi awiri," anatero Dércia. "Lomaliza sananditumizire. Anangoti ndidzaliona."

Rakele anadzuka. Analowa m'nyumba, nasuzumira pansi pa bedi, natulutsa chitenje chokulungakulunga chimene anabwera nacho kuchipatala. Atatuluka anachifutukula pamphasa. Munali pepala limodzi lopindika m'mphepete.

"Analijambula masiku awiri omaliza," anatero. "Ndinkamugwirira thabwa. M'mawa uja ndinafuna kukuonetsani, alamu, koma ndinaopa kuti nalonso mulowetsa m'thumba."

Tsambali silinali la inki ngati enawo. Linali la pensulo yokha, ndipo mizere ina inkaoneka kuti dzanja linkanjenjemera. Munalibe mawu. Bokosi loyamba linali la mnyamata uja akuthamanga kuseri kwa mlambe. Lachiwiri linali la kamwana ka zaka zinayi, kamimba kotupa, tsitsi lofiirira, katakhala pamizu. Lachitatu, mnyamatayo atagwada, akufutukula masamba a nthochi. Bokosi lomaliza linatenga theka la tsamba lonse: mnyamatayo akunyema mtandawo tizidutswa n'kumaika mkamwa mwa kamwanako, iye akuyang'ana kumbali ngati wosafuna kuona chakudyacho.

A Magalita analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza mutu.

"Bato. Sunadye?"

A Bartolomeyo anayang'ana pansi. Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pamchenga, kenako anakataya.

"Ndinanyambita masamba," anatero.

"Zaka zonsezi. Bwanji sunanene?"

"Mukadamenya tonse awiri. Iye sakadapirira, mmene analili muja." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinkayesa kuti sakumbuka. Anali kakang'ono kwambiri. Sitinakambepo n'kamodzi komwe, ngakhale tili awiri pabwato."

"Ankakumbuka," anatero Rakele. "Ankati palibe chakudya chimene anadyapo chokoma kuposa chimenecho. Nthawi zina ndinkapsa nazo mtima, ine nditavutika kuphika."

Gogoyo anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Anasendera, nagwira mutu wa mwana wawo wamkuluyo ndi manja onse awiri monga amachitira pomusambitsa kale, naugwira choncho osausiya. A Bartolomeyo sanauchotse. Amayi awiri oyandikana nawo amene ankabwera ndi nkhuni anaima pampanda, naona, nabwerera mwakachetechete.

Patapita nthawi Dércia anayankhula mosamala. "Pakati pathu pali Assane wa ku Pemba, amene dzanja lake likufanana ndi la Octávio. Wanena kuti ngati patsala tsamba losamaliza, iye angathe kulipaka inki usiku umodzi. Sadzasintha kanthu."

Rakele anayang'ana mizere yonjenjemera ija. "Ayi. Mumuthokoze, koma ayi. Lituluke chonchi. Anthu aone pamene anafika."

"Kodi makina angaone pensulo?" anafunsa a Bartolomeyo.

"Angaone, bambo."

"Ndiye musalidetse. Ndipo musalipinde." Anaimirira, natulutsa masamba ena aja m'thumba la mpunga, nayamba kuwapukuta limodzi ndi limodzi ndi mpango wawo wa kutchalitchi.

Dércia anagona komweko. M'mawa kutacha, a Bartolomeyo anabwera ndi makatoni awiri amene anawadula mofanana, naika masamba onse khumi ndi awiri pakati, namanga ndi chingwe cha ukonde. Anakana kuti wina awanyamule. Anayenda patsogolo mpaka kumsewu, Rakele ndi Dércia akutsatira, ndipo aliyense amene anakumana naye ankamuuza yekha, osafunsidwa.

"Ntchito ya mng'ono wanga iyi. Ikupita kukasindikizidwa. Muli ojambula a zigawo zinayi, koma ya kunyanja ndi yake yokha."

Akudikira njinga yamoto, anatembenukira kwa Dércia. "Dzina lake mulilembe bwino. Octávio Chipanda. Asakalembe Chipande, monga anachitira a boma pa khadi lake la unzika."

Dércia anazengereza. Anatsegula chikwama chake natulutsa pepala lopinda. "Pali chinthu chimene muyenera kuona, bambo. Aliyense wa ife anadzaza pepala lotere, kunena mayina oti alembedwe pamwamba pa nkhani yake. Ili ndi lake. Ndinakangana naye milungu iwiri kuti alembe monga enafe, koma anakana. Ngati mukufuna kusintha, cholembera ndi ichi."

A Bartolomeyo anapatsira Rakele makatoni aja, natenga pepalalo ndi cholemberacho. Pamene panafunsidwa dzina la wolemba ndi la wojambula, Octávio anali atakhwatchapo, n'kulemba mizere itatu ndi zilembo zake zija za pazikwangwani:

Wophika: Magalita Chipanda.
Wakuba: Bartolomeyo Chipanda.
Wakudya: Octávio.

Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo Rakele sanadziwe ngati akuseka kapena akulira mpaka pamene anamva kaphokoso ka m'mphuno kamene abale awiriwa ankasekera mofanana. Njinga yamoto inali itaonekera pokhota. A Bartolomeyo anapinda pepalalo potsata mzere wake wakale, naliika m'dzanja la Dércia pamodzi ndi cholembera chija, chisanatsegulidwe n'komwe.