Lamba wa Pakati

Dzina loti Naliwiro anamupatsa ndi alamu ake, m'khonde la chipatala, magazi asanaume n'komwe pachipumi pake. Mayiyu anali telala, munthu wozolowera kuponda makina osokera mofatsa, ndipo pamsewu ngakhale anjinga ankamupitirira. Koma tsikulo, akuchokera kokagula nsalu ndi apongozi ake, tayala lakutsogolo linaphulika, galimoto n'kukagwera m'ngalande, apongozi n'kuthyoka chiuno.

Alamu akewo, achimwene a mwamuna wake, anali ogulitsa magalimoto, ndipo galimotoyo inachokera kwa iwo. Anafika kuchipatala atavala jekete, makiyi akulira kuchala, n'kuyamba kulankhula mokweza kuti ngakhale anamwino amve.

"Galimoto ya chaka chatha ingaphulike tayala? Pepala lake mwaliona nonse. Vuto ndi phazi la a Naliwirowa, amayesa akuponda makina osokera."

Abale anaseka ngakhale panali pa matenda, ndipo dzinalo linamata. Mwamuna wake anangoyang'ana pansi ngati wataya singano. Apongozi, omwe anali pampando wakutsogolo ndipo anaona ndi maso awo kuti galimoto inkayenda ngati ikuperekeza maliro, anatembenukira kukhoma osanena kanthu. Patapita masiku, mwana wake wamkazi anabwera kuchokera kwa asuweni ake n'kumufunsa ngati zinali zoona kuti ankafuna kupha agogo. Naliwiro sanalire. Anasunga chakukhosi, n'kumachidyetsa tsiku ndi tsiku.

Nsalu zake zinatsalira m'buti, choncho tsiku lina anapita kugalaja kukazitenga. Makaniko, bambo wonenepa amene ankatafuna kamtengo ka machesi, anali atagwada pafupi ndi tayala lophulikalo, akulikanda ndi chikhadabo. Mphira unkangoyoyoka.

"Mayi, galimotoyi ndi nkhalamba," anatero.

"Pepala likuti ndi ya chaka chatha."

"Pepala limanena tsiku limene inalembetsedwa n'kupatsidwa nambala, osati tsiku limene inapangidwa. Ena amabadwa, n'kudzalembetsa sukulu ali ndi ndevu kale. Iyi inaima penapake zaka zambiri, mwina padoko, mwina pabwalo la ogulitsa, dzuwa likuiwamba. Tayala likaima silitha mano, koma limauma m'kati. Wogulitsa amangolipaka polishi."

Kenako anatsegula chitseko, n'kukoka lamba wa pampando mpaka kumapeto. Pansi penipeni panali kansalu koyera kosokerera, kokhala ndi manambala. Anamusonyeza chaka. Galimoto ya chaka chatha ija inali ndi zaka khumi ndi ziwiri, yaikulu kuposa mwana amene anamufunsa za kupha agogo.

Naliwiro anatulutsa sizasi m'chikwama, n'kudula kansaluko bwinobwino, n'kukaika m'kachitini ka mapini. Akanatha kuthamangira nako kwa mwamuna wake tsiku lomwelo, koma anadziwa kuti nkhaniyo ikathera kuchipinda, ndi mawu oti tisayambanitse abale. Alamu anamuchititsa manyazi pagulu, ndiye pagulu pomwepo ndi pamene ankafuna kubweza. Tsiku limodzi siliwoza mbewa. Anapitiriza kupita kuchipatala, kuchapa zovala za apongozi, kuyankha akamuitana dzina lachipongwelo. Alamu akabwera ankawapatsa moni mwaulemu kwambiri, mpaka iwo anayamba kuuza anthu kuti ngozi yamuphunzitsa khalidwe.

Tsiku lotulutsa apongozi banja lonse linasonkhana poimika magalimoto pachipatala: azakhali, amalume, asuweni, ndi mkazi wa alamu atanyamula maluwa. Alamu anafika ndi galimoto ina yofiira, yonyezimira, matayala ali bii ndi polishi. Anaiimika mopingasa kuti aliyense aione bwino. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Amayi akwera iyi," anatero akusisita boneti. "Inabwera limodzi ndi ija inaphedwa ndi a Naliwiro. Koma lero ndiyendetsa ndekha."

"Ndi yokongola, alamu," anatero Naliwiro. "Nayonso ndi ya chaka chatha?"

"Ya chaka chatha."

"Mukutsimikiza? Paja amayi akwera m'menemu ndi chiuno chomanga ndi zitsulo."

"Ndikulumbira pa amayi anga ali apawa. Kapena mukufuna kundiphunzitsa ntchito?"

Mtima wa Naliwiro unadumpha ndi chimwemwe choipa, ndipo sanachite nacho manyazi. Anati akonze kaye pokhala apongozi, n'kutsegula chitseko chakutsogolo, n'kukoka lamba mpaka kumapeto. Kansalu panalibe. Koma diso la telala silinamizidwa ndi nsalu: pa lambapo panali timabowo ta singano tondondozana, ndi kaulusi koyera kotsalira. Munthu anali atasomola, ndipo anasomola mwaulesi. Ndiye kuti alamu ankadziwa. Mpaka tsikulo panali kampata koti mwina nawonso anapusitsidwa ndi pepala, koma munthu wopusitsidwa sayenda ndi lezala.

"Alamu, pano panali kansalu. Wachotsa ndani?"

"Kansalu kanji? Tulukanimo, mukutichedwetsa."

Sanatuluke. Anapita kumbuyo, n'kupeza malamba a m'mbali nawonso atasomoledwa. Anagwada pansi, n'kulowetsa dzanja mumpata wa mpando, mmene mumagwera makobidi ndi nyenyeswa za mabisiketi, n'kusolola lamba wa pakati, amene palibe amamukumbukira. Kansalu kanali pomwepo, koyera ngati kasokedwa dzulo.

Anaitana amalume, omwe anali ndi magalasi pamphuno, kuti awerenge mokweza. Amalume anawerenga chaka, n'kuchotsa magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwerenganso. Naliwiro anafotokoza mosathamanga, monga anamvera kwa makaniko, kuti pepala limawerenga kuyambira tsiku la nambala, pomwe mphira umawerenga kuyambira tsiku lopangidwa. Kenako anatsegula kachitini ka mapini, n'kutulutsa kansalu ka galimoto yoyamba. Zaka zinali zofanana.

"Aliyense amachita choncho pa malonda," alamu anayamba. "Pepala ndi la boma, sindinalembe ine."

"Lamba nayenso wasomoledwa ndi boma?" anafunsa amalume.

Palibe anaseka. Mkazi wa alamu anatsitsa maluwa, n'kuyang'ana matayala ofanana ndi amene ankapititsira ana ake kusukulu. Naliwiro anadula kansalu kachiwiriko, n'kuyandikira alamu ake, n'kumanga tinsalu tonse tiwiri ndi pini pa kolala ya jekete, mowongoka bwino, monga amachitira poyesa kasitomala. Alamu anangoima, manja ali lende, makiyi atasiya kulira.

"Izi muzivala, alamu, kuti ogula asamavutike kugwada."

Mwamuna wake anamuyandikira. Anatsegula pakamwa kuti amuitane, ndipo dzina limene linafika pa lilime linali lachipongwe lomwe lija, chifukwa nayenso anali atalizolowera. Analimeza, n'kutsokomola, n'kunena kuti apita kukafuna takisi.

Apongozi anali chikhalire pa njinga yawo ya odwala, dzuwa likuwawomba, bulangete lili pamiyendo. Anakana kukwera galimoto yofiirayo ndi mutu wokha. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira chitenje cha mpongozi wawo.

"Mwana wanga, ndikankheni mundiike pamthunzi. Ine ndinkadziwa kuti simunathamange tsiku lija."

Naliwiro anayang'ana dzanjalo, lowonda, lokhala ndi chipsera cha diripi. Kwa miyezi yonseyi anawasambitsa, kuwatembenuza, kuwataira za m'beseni, akudikira mawu amenewa. Akanawanena m'khonde muja, mwana wake sakanamufunsa funso lija. Anamasula zala za apongozi chimodzichimodzi, mwaulemu, n'kubwezera dzanjalo pa bulangete.

"Munkadziwa, amayi," anatero. "Akukankheni mwana wanu woyamba, amene walumbira pa inu."

Anatseka kachitini ka mapini, n'kukaponya m'chikwama, n'kuyamba ulendo wa kugeti, akuyenda pang'onopang'ono monga mwa masiku onse.