Woyankhira Lameki

Minibasi inamutsitsa pa Mtakataka mdima utagwa kale. Inayenera kufika dzuwa likadalipo, koma inafera pa Chipoka. Kondakitala anati vuto lake ndi laling'ono. Vuto laling'onolo linadya masana onse.

Jacob anaima m'mbali mwa msewu, chikwama paphewa. Kunkatentha ngati dzuwa silinalowe. Kuno anali asanafikeko. Iye anali mwana wa ku Kawale, wobadwira m'tauni, ndipo kumudzi ankapitako pa maliro basi.

"Kwa a Nikolasi, aphunzitsi opuma aja," anauza wakabaza.

"Kubungwe? Kwerani, bwana. Ayamba kale."

Chimene chinamubweretsa ndi Scholastica, amene kwawo ankamutchula Sikola, namwino wa pachipatala cha ku Mua. Anakumana ku Lilongwe mtsikanayo atabwera ku maphunziro. Chiyambire chibwenzi, woyenda anali Scholastica. Jacob sanatsikeko kuchigwa. Tsono atatchula za ukwati, mtsikanayo anamuuza mosabisa.

"Bambo anga alibe mawu pa ine. Mwini mbumba ndi amalume. Ndipo amalume sangalandire ankhoswe ako usanakhale pamkeka wa bungwe lawo."

Linali Bungwe la Abwenzi a Zakariya Kamtedza. Malemu Kamtedza anali kalaliki wa panjanji m'nthawi ya atsamunda. Analemba buku limodzi lokha, Namaliya wa ku Dambo, kenaka n'kumwalira. Scholastica anamupatsa bukulo mvula isanayambe. Tsopano mpunga unali utakololedwa. Jacob anali atawerenga mutu woyamba, ndipo anauwerengera m'minibasi yomweyo, pa Chipoka.

Sikuti anali waulesi. Anali munthu woyamba zinthu. Anayamba kozi ya zowerengera ndalama. Anayamba kugulitsa mafoni. Anayamba kuyendetsa galimoto ya bungwe lina la zachitukuko. Zonsezo anaziyamba bwino kwambiri.

A Nikolasi, amalume a Scholastica aja, anamuchingamira pachipata ndi tochi. Anali bambo wamfupi, wadazi, wa mawu ozolowera kufika kubenchi lomaliza.

"Takulandirani, achimwene. Samalani apo, pali njerwa."

Anawalitsa tochi pa uvuni waukulu m'mbali mwa njira.

"Za Sikola izi. Zinapsa kale. Malo omangapo ndi apa, pafupi ndi mlambe. Munda wa mpunga uli ku Bwanje. Amene adzamukwatire mwana ameneyu sadzavutika, angobwera ndi malaya ake."

Jacob anati zikomo. Sanadziwe chimene ankathokoza.

Bungwe linali pabwalo, pansi pa mtengo wa mango. Nyale ya sola inalendewera panthambi. Panali aphunzitsi, alimi a mpunga, amayi a kwaya, ndi bambo wina wa kofia wogulitsa usipa. Scholastica anakhala pansi pa nyale penipeni, buku lili pamiyendo. Anamwetulira pang'ono n'kuyang'ana pansi, poti amalume analipo.

"Kuno sitilipiritsa," anatero a Nikolasi. "Sitilembetsa mayeso. Mayeso ndinawasiya kusukulu. Ambiri mwa awa sadziwa kuwerenga, Sikola ndiye amawawerengera. Ndiye ngati bukuli simunaliwerenge, nenani. Palibe mlandu."

Khomo linali lotsegula chotero. Ngakhale mwana akanalowa.

"Ndinaliwerenga," anatero Jacob. "Kawiri."

Palibe anamufunsa kuti kangati.

"Ehee! Ndiye mwambo wathu suvuta. Aliyense wolowa amasankha munthu mmodzi wa m'bukumo. Dzina lake limakhala lanu. Milandu yake imakhala yanu. Akalakwa m'buku, inu mumamuyankhira pano. Ine ndine mphunzitsi wa katekisimu uja. A Hamisi awa anasankha mbuzi."

"Ilibe milandu yambiri," anatero bambo wa kofia. "Inangodya chimanga basi. Ndipo ndinapepesa."

Anthu anaseka. Jacob anasekanso, uku akufufuza m'mutu. Mutu woyamba ankaukumbukira bwino. Mnyamata atsika sitima pa Golomoti. Chipewa choyera. Galamafoni m'manja. Atsikana onse akumuyang'ana. Iye asiya katundu wake pansi, n'kusenzetsa Namaliya mtsuko wa madzi. Munthu wa m'tauni, waulemu. Buku lonse liyenera kuti linali lake.

"Lameki," anatero.

Scholastica anatseka maso.

Kenaka nthungululu inaphulika kumkeka wa amayi. Mayi wina wokalamba anadzuka pang'onopang'ono, akumanga chitenje. M'kamwa munatsala mano ochepa, koma mawu anali onse.

"Mwamuna wanga! Wabwera mwamuna wanga!"

"Awa ndi a Bernadeta," anatero a Nikolasi, nkhope ikuwala. "Ndiwo Namaliya wathu. Bungweli tinaliyamba referendamu itangotha, pamene anthu tinayamba kusonkhana osayang'ana kumbuyo. Chiyambire pamenepo palibe analimba mtima kutenga Lameki. Inu ndinu woyamba. Imani pakati, a Lameki."

Jacob anaima. Udzudzu unamupeza m'akakolo.

A Bernadeta anamuzungulira, akumuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Wanenepa. Akukudyetsa bwino kumene unapitako. Tsono mchere uli kuti?"

"Mchere?"

"Mchere, iwe! Sunati ukukagula mchere pa Golomoti? Ndiwo zili pamoto mpaka lero."

Anthu anagwa nacho chiseko. A Hamisi analira ngati mbuzi.

"Unadya nkhuku ya chinkhoswe," anapitiriza mayiwo. "Unakhala pakhomo pathu dzinja lathunthu. Abale anga anakupatsa munda. Unandisiya ndi pakati, n'kukwera sitima. Ngakhale kalata. Ndiuze pamaso pa anthu awa. Ndinakulakwira chiyani?"

Apa ndi pamene Jacob anadziwa za m'mitu inayo.

Akanatha kunena zoona. Akanamuseka pang'ono n'kumupatsa wina, kaya mlonda wa pasiteshoni. Koma anali atanena kuti kawiri. A Nikolasi anali atapinda manja, akudikira ngati woyang'anira mayeso.

"Sitima inali kunyamuka," anayesa.

"Aaa!" linatero bwalo lonse.

"Inakunyamula yokha?" anafunsa a Bernadeta. "Ili ndi manja?"

Koma pakamwa ndi pamene Jacob ankadyera. Munthu amene anagulitsapo foni yopanda batire sangagonje kwa gogo wa mano ochepa. Za Lameki sankadziwa kanthu. Anangotsegula pakamwa, natenga zimene zinali pafupi.

"Simunandilakwire, Namaliya. Ndinkakukondani. Mpaka pano."

"Bodza."

"Mverani. Tsiku lina ndinakhala pakhonde. Ndinayang'ana uku, munda. Uku, tchalitchi. Kuseri kwa tchalitchi, manda. Moyo wanga wonse ndinauona osadzuka pampando. Ndinadziwa njira imene ndidzayende mawa. Ndinadziwa imene adzandinyamulire."

Phokoso linayamba kuchepa.

"Mukuti abale anu anandichitira zabwino. N'zoona. Choopsa chake n'chimenecho. Munthu woipa umakangana naye n'kutenga chikwama. Nanga wabwino umamuchokera bwanji? Akukuonetsa malo. Akukuonetsa munda. Njerwa anaotcha kale iwe usanafike. Akuti ungobwera ndi malaya ako. Iwe ukuti zikomo, zikomo, koma m'mimba mukumva ngati akukuyeza bokosi."

Sanafune kunena zambiri chotero. Mawu ankabwera okha, osalala, ngati anakonzedwa kalekale.

"Sitima ikalira usiku, ena amatembenuka n'kugonanso. Ine ndimakhala tsonga. Sikuti kumene ikupitako kuli zabwino. Sindikudziwako. N'chifukwa chake. Ndikanakhala, ndikanakhala bwino chaka choyamba. Chachiwiri ndikanayamba kukwiya ndi mmene mumatafunira. Chachitatu mukanadana nane. Ndinati bola mudane nane ndili kutali."

Anasiya.

A Nikolasi ndiwo anayamba kuwomba m'manja. Ena anatsatira. Aphunzitsi opumawo anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso.

"Zaka zonsezi takhala tikungoti Lameki ndi galu. Ine ndinaphunzitsa ana choncho. Lero ndamumva akulankhula. Achimwene, inu bukuli simunaliwerenge kawiri. Munalidya."

"Ndiwe chitsiru ndithu," anatero a Bernadeta, akumugwira tsaya. "Koma ndakukhululukira theka. Theka linalo ubwere ndi mchere."

"Amalume," anatero Scholastica.

Sanakweze mawu. Anali asanalankhule chiyambire.

"M'bukumu mulibe njerwa. Nyumba ya Namaliya inali yamitengo, yomata ndi dothi."

"Luso lake ndi limenelo, mwana iwe!" anatero a Nikolasi. "Wowerenga weniweni amaikamo zake."

"Ee," anatero Scholastica. "Waikamo zake."

Anatseka buku n'kupita kukathandiza amayi kugawa chakudya.

Unali mpunga watsopano, wonunkhira, ndi nyemba. Jacob anamukhazika pafupi ndi a Nikolasi. Aliyense anafuna kumugwira chanza. Mphunzitsi wina anamufunsa maganizo ake pa mutu wachisanu ndi chiwiri, ndipo Jacob anati ndi mutu wovuta. Mphunzitsiyo anavomereza kuti ndi wovutadi. Mbale yake inadzazidwa kachiwiri. Amene anaidzaza sanali Scholastica.

Jacob anagona pabalaza, m'neti yobowoka.

Kutacha, dzuwa lisanatuluke, a Nikolasi anamupeza akumanga nsapato.

"Mwafulumira, a Lameki."

"Ntchito, bambo."

"Chabwino. Tsono ine sindizungulira. Ndikudziwa chimene munadzera. Munthu womvetsa mtima wa mnzake chotere, ine sindingamukanize mwana. Atumeni ankhoswe anu tsiku lililonse."

Chimene anadzera chinali m'manja. Anagwada pang'ono, nawomba m'manja monga anaonera ena akuchita pa maliro.

Scholastica anali pachipata ndi njinga, atavala yunifolomu pansi pa chitenje. Anati amuperekeza mpaka kumsewu. Anayenda akukankha njinga. Amayi ena anali kale panjira ndi makasu. Aliyense ankati, "Mwadzuka bwanji, a Lameki?"

"Amalume avomera," anatero Jacob.

"Ndamva."

"Buku lija, Sikola..."

"Sunaliwerenge. Ndinadziwa utangotchula dzina. Zimenezo sizinandipweteke. Ndinkafuna kuseka."

"Ndiye zinazo linali sewero chabe. Anandipanikiza. Ndikanatani?"

"Unasewera bwino. Ine ndawerengera anthu bukuli mpaka ndaliloweza. Lameki wa m'buku salankhula choncho. Alibe nzeru zimenezo. Amangothawa."

Anafika pamsewu waukulu. Ogulitsa anali akuyala tomato. Scholastica anaimika njinga.

"Ndikufunse popanda nyale, popanda a Bernadeta. Ungakhale kuno?"

"Tikhoza kukhala ku Lilongwe. Zipatala ziliko."

"Nanga ku Lilongweko ukadzayamba kukwiya ndi mmene ndimatafunira?"

Jacob anatsegula pakamwa. Pakamwa paja pogulitsa mafoni. Sipanatuluke kanthu. Anadikira, mtsikanayo anadikiranso. Anamupatsa nthawi yokwanira, monga amachitira ndi wodwala amene akuchita manyazi kutchula pamene pakupweteka.

"Ankhoswe usawatume," anatero Scholastica. "Amalume ndiwauza ndekha. Adandaula, koma adandaulira bungwe kuposa ine."

"Sikola."

"Kubungweko uzibwera ndithu. Sachotsa munthu. Ndipo a Bernadeta angadwale."

Anapinda chitenje, nakwera njinga, n'kulunjika ku Mua. Sanathamange. Ankapalasa ngati tsiku lina lililonse.

Jacob anaima pomwepo. Anayembekezera kuti mtima upweteka, ndipo unapwetekadi. Koma pansi pa ululuwo panali kanthu kena, kopepuka, ngati munthu wavula nsapato yothina. Anachita nako manyazi. Sikanachoke.

Minibasi yoyamba inatulukira kuchokera ku Salima. Sinali ya kwawo. Ya ku Lilongwe ikanaima tsidya linalo.

"Balaka! Balaka! Bwana, Balaka?"

Ku Balaka analibe m'bale, analibe ntchito. Anali asanapiteko.

Anakwera. Anamupanikiza pakati pa thumba la mpunga ndi mayi wa nkhuku. Patsogolo pang'ono anaipeza njinga ija m'mbali mwa msewu. Dalaivala anaimba hutala. Scholastica anapatukira m'fumbi osacheuka, kuti minibasi idutse.